Wakuba sanadzere pachipata

A Shawa alonda chipata chathu zaka khumi ndi zitatu,
chibonga pamiyendo, tochi m'thumba la jasi,
kawailesi kakunong'ona za mpira wa dzulo.
Mphepo ya Juni ikaluma ku Ridgeway
amakumbatira mbaula, koma diso lili panja.
Palibe anatulukapo ndi mpando wa boma, ngakhale tsache.

Lachiwiri m'mawa tinapeza atikokolola.
Loko ali chikhalire, mawindo athunthu,
fumbi la pakabati lopanda chidindo cha chala.
Pakompyuta iliyonse mawu ofiira omwewo:
mafaelo anu tawamanga, lipirani.

Mayina zikwi makumi anayi a opuma pantchito,
aphunzitsi, anamwino, okumba ngalande za mumsewu,
anyamulidwa ngati nkhuku za m'khola usiku
osalira ndi imodzi yomwe.

Chaka chatha anatibweretsera makina oganiza.
Kunali riboni, kunali masamusa,
bwana anati awa amawerenga mafaelo chikwi
madzi a tiyi asanawire.
Ndine ndinawalera makinawo.
Ndinawauza kuti Mvula E. wa ku Katete
si Mvula E. wa ku Petauke,
wina tinaika kale, wina akudikira zake.
Anagwira msanga, mwana wa mutu,
ndipo sankapempha tchuthi cha maliro.
Koma mawu achinsinsi otsekulira nyumba yonseyo
tinawalemba pakapepala kachikasu
n'kumata pansi pa kiyibodi:
dzina la galu wa bwana, ndi chaka cha ufulu.

Khomo limene anadzera ndikulidziwa.
Lolemba, folo itangokwana,
kalata inagwa mu imelo yanga,
nkhwazi ya boma itatambasula mapiko pamwamba pake.
Inanditchula dzina, ndi nambala yanga ya ntchito,
inati alawansi ya msonkhano wa ku Siavonga yatuluka,
dinani apa.
Lendi ya ku Chilenje inali itandigwira pakhosi.
Ndinadina.
Chala chomwechi,
chimene ndimanyowetsa malovu potsegula mapepala.

Lekani, mnyamata wa makompyuta, wagona muofesi masiku awiri,
maso ngati tomato wa ku Soweto.
Akuti kalatayo sanalembe munthu,
analemba makina ena oganiza, abale a athu omwewa.
Bere limodzi, akutero,
wina mlonda, wina mbala,
ndipo onse amalankhula mwaulemu.
Chaka chonse ankapempha ndalama zomangira mpanda wosaoneka.
Ankamuyankha kuti mpanda tili nawo,
wa njerwa, wokhala ndi waya pamwamba.

Lachitatu kunafika Mayi Esnart Mvula, a ku Petauke aja,
pano amakhala kwa mwana wawo ku Matero.
Minibasi ziwiri, bondo lotupa,
khadi lokulungidwa m'pulasitiki ya shuga.
Ndinati netiweki yavuta.
Anati, mwanangu, ine ndinaphunzitsa zaka makumi atatu opanda netiwekiyo.

Ndinatsika kuchipinda chapansi
kumene kuli mapepala amene tinauzidwa kuti tiotche
koma mafuta a lole sanapezeke.
Magetsi anali atapita. Ndinayatsa foni.
Shelefu yachinayi, kumanzere, kuseri kwa ndowa yodontheramo madzi:
ndi awa, Mvula E.,
mphemvu zadya ngodya, koma saini ilipo,
ya inki yabuluu, ya dzanja limene linali lisanayambe kunjenjemera.
Ndinaiyetsemulira faeloyo ngati ndikuipatsa moni.

Madzulo potuluka a Shawa anandiimitsa.
Apolisi anawafunsa maola atatu,
anawalanda ndi makiyi omwe.
Chipewa chili m'manja, anati,
Amayi, inu mumadziwa za m'katimo.
Ine sindinaphethire usiku wonse.
Anthuwa anadzera pati?

Kondakitala ankaitana, Chilenje, Chilenje, mmodzi watsala.
Ndinalowetsa dzanja langa lamanja m'thumba la juzi
n'kulifumbata zolimba.